Mmene Ndinaikira Kumbuyo Mabuleki Pamaso pa Ankhoswe

Pali amuna amene ukwati wawo unalephereka chifukwa cha mowa. Ena chifukwa cha foni imene anaiwala kutseka. Amenewo ndimawasirira, chifukwa akamafotokoza nkhani yawo anthu amagwedeza mutu momvetsa. Ine ndikafotokoza yanga anthu amayamba andiyang'ana kaye kwa kanthawi, kenako amafunsa ngati kwathu kuli wina amene anadwalapo mutu.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndinaphunzirapo uinjiniya pa koleji ina muno mu Glasgow, mpaka tsiku lina ine ndi koleji tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. (Koleji ndiyo inayamba kunena.) Pano ndimalongedza makatoni m'nyumba yosungira katundu. Koma maphunziro a theka ndi oopsa kuposa umbuli, abale anga, chifukwa mbuli imaopa sipanala. Ine sindiopa.

Ndili ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kokalamba, kafupi moti polowa umachita ngati ukugwada kupepesa. Denga lake ndi lansalu, lotha kutsegulidwa, m'dziko limene dzuwa limabwera ngati mlendo wodzapepesa maliro. Chakum'mawa uko, kutsidya kwa mlatho, kuli bwalo la mipikisano ya magalimoto, ndipo masiku ena amalola ife anthu wamba kukathamanga mmene tingafunire popanda wapolisi. Ndinalembetsa. Kenako ndinawerenga pa intaneti kuti mabuleki wamba pabwalo paja amatopa: akatentha kwambiri, ukaponda pamangofewa ngati nthochi yakupsa, iwe n'kukapereka moni ku khoma la matayala.

Choncho ndinagula zonse. Mapadi a mpikisano (mapadi ndi tizidutswa timene timakanikiza chitsulo chozungulira chija kuseri kwa tayala kuti galimoto iime), mapaipi olukidwa ndi waya, ndi mafuta a mabuleki osawira msanga. Pa katoni ya mapadi panali timawu ting'onoting'ono tonena kuti si oyendera pamsewu wamba. Ndinatiwerenga. Ndinamva ngati andiyamikira.

Ndinamanga zonsezi Loweruka lina m'mbali mwa msewu ku Govan kumene ndimakhala, kamvula kakuwaza pakhosi. Ntchito yomaliza ndi yochotsa mpweya m'mapaipi, ndipo imafuna anthu awiri: wina mkati kuponda buleki, wina pansi kumasula kanati. Woponda anali Tadala, chibwenzi changa, namwino pa chipatala chachikulu cha kufupi ndi kwathu, atangoweruka kumene, maso ali psuu.

"Ponda!"

"Ndaponda."

"Gwira pomwepo!"

"Ndagwira. Ukukumbuka kuti malume afika Lachinayi?"

"Ndikukumbuka. Siya. Pondanso!"

"Akudziwa kuti sukulu unasiya. Ndinawauza kuti komabe ndiwe wofatsa, woganiza bwino. Ndinanama m'malo mwako, wamva? Loweruka likubwerali ntchito yako ndi kuvala suti n'kukhala chete. Olankhula ndi ankhoswe."

"Ndamva. Ponda!"

"Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaponda iweyo."

Malume akewo ndi a Chikwenga, mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, amene anamulera Tadala bambo ake atamwalira. Tadala anandiuza kalekale, osaseka, kuti popanda mawu awo sangakwatiwe ndi munthu aliyense, ngakhale atakhala mwana wa mfumu ya kuno. Anakwera ndege ulendo wonse uja kuchokera kumudzi kudzamva pempho langa. Malume anga enieni ali kumudzi, choncho wondilankhulira anali Bambo Kamtedza a kumpingo kwathu, injiniya weniweni wa mapepala onse, amene nyumba yawo ili ku Pollokshields. Msonkhano unali woti ukachitikire konko. Ndikudziwa, mwamwambo ife ndife tinayenera kupita kwawo kwa mkazi, koma kunja kuno mwambo umatsata kumene kuli mipando yokwanira.

Titamaliza ntchito ija ndinazungulira kamodzi kuti ndiyese. Nditaponda, galimoto inalira ngati nkhumba yaona mpeni, ndipo inaima mochita kuganizira kaye. Sindinadabwe. Mapadi a mpikisano akazizira amakhala ali mtulo, amadzuka akatentha. Ndipo atsopano amafunika kuwaotcha kaye: kuthamanga, kuponda mwamphamvu, kuthamanganso, kupondanso, mpaka atagwirizana ndi chitsulo chija. Ndinati ndichita zimenezi mkati mwa sabata. Mkati mwa sabata munagwa mvula ndi maovataimu. Loweruka linafika mapadi ali osaotcha.

Ine anangondituma chinthu chimodzi: kudutsira ku Govanhill, dera lina la mzinda uno, kwa Anti Esime, mayi ake aang'ono a Tadala, kukatenga thobwa. Anti Esime anaphika thobwa la mapira lodzaza chidebe chachikulu chapulasitiki, kuti malume asaone ngati ana awo kuno anasanduka azungu. Kubuti kwa kagalimoto kanga kumakwana nsapato ziwiri ndi Baibulo, ndipo kunali kale jeke ndi chipewa cholimba cha pabwalo. Ndinaika chidebe pampando wa pambali panga, n'kuchimanga lamba ngati munthu. Mpaka apa ndinali mkamwini wabwino.

Kenako pamasitepe panatsika munthu wamtali, wowongoka, suti yotuwa, magalasi, tayi yomangidwa ngati chigamulo cha khoti. Anali a Chikwenga. Galimoto yaikulu ya banja inali itadzaza kale amayi ndi mapoto. Anti Esime anati aitanitsa takisi. A Chikwenga anakweza dzanja.

"Musavutike. Ine ndikwera ndi mnyamatayu. Munthu umamudziwa paulendo."

Apa ndinayenera kunena kuti galimoto ili ndi vuto. Ndinayenera kukomoka, kapena kuthawa. Koma mkulu amene wabwera kudzaweruza moyo wako akati akwera galimoto yako, umayankha chiyani? Ndinagwira manja kumbuyo n'kunena kuti, "Zikomo, a malume."

Anadzipinda pang'onopang'ono ngati mpando wa kutchalitchi mpaka analowa, mawondo ali pafupi ndi makutu. Pansi panalibe malo, choncho chidebe chinakhala pamiyendo pawo. Anachikumbatira mwaulemu.

Pa maloboti oyamba ndinaponda. Nkhumba ija inalira. Anthu a pa siteji ya basi anacheuka onse, nkhunda zinauluka padenga la golosale, ndipo ife tinapitirira mzere woyera n'kukaima pamene galimoto inafunira yokha.

"Imalira chonchi masiku onse?" anafunsa a Chikwenga.

"Ayi, a malume. Ikazizidwa basi."

"Oho. Ngati ife tomwe."

Apa m'pamene uinjiniya wanga wa theka unadzuka n'kupempha kulankhula. Kuchoka ku Govanhill kukafika ku Pollokshields ndi mtunda woti munthu atha kuyenda wapansi chimanga chootcha chisanathe m'manja. Koma njira yake ndi ya maloboti, mabasi, ndi amayi okankha ana m'tingolo. Ndinadzifunsa: kodi munthu woganiza bwino angadutsitse mkulu wa mpingo m'njira yotere ndi mabuleki ogona? Ayi. Munthu woganiza bwino amayamba wawadzutsa. Ndikufuna mumvetse kuti zonse zimene zikubwerazi ndinazichita pofuna kuteteza moyo wa a Chikwenga.

Ndinakhotera kumene kuli nyumba zosungira katundu, kufupi ndi kuntchito kwathu. Kumeneko kuli msewu wautali, wowongoka, umene Loweruka mumangoyenda mapepala ouluzika ndi mphepo. Ndinapuma. Ndinaponda moto.

Tinathamanga. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Nkhumba inakuwa, malamba anatigwira pachifuwa, thobwa linati khuvu mkati mwa chidebe. Tisanaime ndinapondanso moto, chifukwa malangizo amati usaime n'kumapondabe, mapadi angadinde chitsulo. Tinathamanga, ndinaponda. Tinathamanga, ndinaponda. Msewu utatha ndinatembenuka n'kuyambiranso.

Ulemu wa kwathu ndi chinthu choopsa. Iwo sanafunse, poopa kuoneka amantha pamaso pa mwana. Ine sindinafotokoze, poopa kulankhula ndisanafunsidwe. Tinangokhala anthu awiri ovala masuti, tikuweramira kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo limodzi ngati tikupereka moni kwa mfumu yosaoneka. A Chikwenga anakanikiza chivindikiro ndi manja onse awiri, ndipo ndinamva akung'ung'udza nyimbo ya m'buku, ija imaimbidwa bokosi likamatuluka m'nyumba.

M'galimoto munayamba kumveka fungo la chinthu chopserera. Kenako, abale, chozizwa: kulira kuja kunatha. Ndikangokhudza buleki pang'ono, galimoto inkamvera ngati mwana wa m'busa. Mumtima ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinalandira visa.

"Tasochera?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi, a malume. Tatsala pang'ono."

"Tatsala pang'ono kutani?"

Ndinaona kuti funsolo silinali la njira.

Pobwerera, maloboti onse anali obiriwira. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti imeneyi inali ntchito ya Satana, chifukwa ndikanaima pena ngakhale kamodzi, phazi langa likanakumbukira kuti zinthu zasintha. Tinalowa m'msewu wa mitengo ndi nyumba zikuluzikulu zamiyala. Poti tinali titachedwa, anthu onse anali panja pageti: amayi atamanga zitenje pamwamba pa makoti, Bambo Kamtedza akuyang'ana wotchi, Tadala atavala diresi imene sindinaionepo, wokongola moti mtima wanga unalumpha. A Chikwenga ataona anthu anachotsa manja pachivindikiro kuti akonze tayi.

Ine maso ali pa Tadala, ndinaponda buleki mmene ndinkapondera pa maloboti a ku Govanhill.

Galimoto inaima ngati yaitanidwa ndi dzina lake lonse. Thobwa silinaime. Chivindikiro chinauluka, thobwa linamenya galasi lakutsogolo, linakwera kudenga lansalu lija, ndipo poti denga linali lotseka, linabwerera kwa eni ake. Kunja Anti Esime anali atayamba nthungululu, koma inafera pakati ngati wailesi yatha mabatire. M'matayala akutsogolo munkatuluka kautsi. Mzungu wina wa nyumba yoyandikana, amene ankadula mpanda wa maluwa, anasuzumira n'kufunsa m'chizungu chawo cha kuno ngati tili bwino: "Ye awright there, pal?"

A Chikwenga anavula magalasi. Anawapukuta ndi tayi, imene nayo inali thobwa lokhalokha. Anawavalanso.

"Tafika?"

"Tafika, a malume."

"Zikomo kwambiri."

Mukuganiza kuti apa ndi pamene ukwati wanga unagwera m'dzenje. Ayi. Apa zinali zisanafike poipa. Thobwa limachapika.

A Chikwenga anawatengera kubafa, n'kuwabwereka zovala za Bambo Kamtedza, amene ndi aafupi ndi ojintcha. Choncho mwini mbumba anakhala pampando waulemu atavala thalauza lothera m'miyendo ndi juzi la Khirisimasi lojambulidwa mbawala. Palibe anaseka. Ine ndinakhala pakona, pa kampando kakang'ono, mutu pansi, madeya a mapira akuuma m'khutu.

Ndipo Bambo Kamtedza analankhula. Anthu inu, munthu uja ndi mphatso. Anayamba ndi pemphero, anadutsa m'mibadwo ya makolo anga amene sanawaonepo, n'kufika pa nkhani ya tsikulo. Anati tsoka silinunkha. Anati mnyamatayu ndi wolimbikira, amadzuka m'mawa kukagwira ntchito ya manja, ndipo galimoto imene angakwanitse ndi yakale. Anati mabuleki anawonongeka mwadzidzidzi panjira, galimoto n'kumangothamanga yokha, koma mnyamatayu mwa chisomo cha Mulungu analimbana nayo mpaka kufikitsa bambo athu amoyo.

Mitu inagwedezeka. Amayi ena anati, "Ambuye ngabwino." A Chikwenga anapumira m'mwamba, nkhope ija n'kuyamba kumasuka.

"Ayi, ndamva," anatero. "Chitsulo ndi chitsulo, chimatha. Ndipo umphawi si mlandu. Nanenso ndinakwatira ndili ndi njinga yopanda mabuleki, ndinkaimitsa ndi chidendene."

Anthu anaseka. Tadala, amene anakhala pamkeka pafupi ndi Anti Esime, anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira pageti. Nkhani inali itatha. Ndinali nditapulumuka. Chimene chinatsala n'kungopuma mwakachetechete mpaka wina atanena ameni.

Koma Bambo Kamtedza, poona kuti zikuyenda, anafuna kuthira kamchere komaliza.

"Mukudziwa, bambo, amakaniko ena a kuno ndi achinyengo. Ine monga injiniya ndayang'ana pang'ono m'matayala muja. Aliyense amene anagwira ntchito imeneyi ndi munthu wosadziwa kanthu, ndipo anamuikira mwanayu zinthu zotchipa."

Zotchipa. Wosadziwa kanthu.

Ndinaona dzanja likukwera m'mwamba ngati m'kalasi. Ndinaliyang'ana. Linali langa.

Bambo Kamtedza anandiyang'ana ndi maso akuti tsitsa. Tadala anandiyang'ana ndi maso akuti ndikupha. Pamwambo wotere mwamuna wofunsira salankhula, amakhala ngati katundu amene ena akukambirana mtengo wake. Koma a Chikwenga ndi mphunzitsi, ndipo mphunzitsi sangaone dzanja lili m'mwamba n'kulisiya.

"Mnyamata ali ndi mawu. Tiyeni timve."

"Pepani akuluakulu," ndinatero nditaimirira. "Ndingokonza pang'ono. Mabuleki aja sanawonongeke. Ndi apamwamba kwambiri, a mpikisano. Agwira ntchito ndendende mmene amayenera."

Ndinafotokoza za mapadi. Ndinafotokoza za mapaipi a waya ndi mafuta osawira. Ndinagwiritsa ntchito mbale ya mandasi ngati chitsulo chozungulira, manja anga ngati mapadi. Ndikuganiza kuti pa moyo wanga wonse sindinalankhulepo momveka bwino chotere. Aphunzitsi anga a kukoleji akanandiona akanalira.

A Chikwenga anakonza juzi la mbawala lija.

"Ndifunseko, kuti ndimvetse. Ndiye kuti sanawonongeke?"

"Ayi, a malume."

"Anawaika ndani?"

"Ndekha. Tadala anangothandiza kuponda."

Ndinamva Tadala akutchula dzina la Yesu.

"Kuthamanga kuja, ndi kuima kuja, galimoto sinkachita yokha?"

"Ayi, ndinali ineyo. Ndinkawaotcha."

"Munkawaotcha. Ine ndili momwemo."

"Kuti akutetezeni, a malume."

"Ndipo pamene ndinkakwera ku Govanhill kuja, munkadziwa kuti sagwira?"

"Amagwira. Kungoti sagwira akazizira."

A Chikwenga anatembenuka n'kuyang'ana pawindo. Kunja kunali kotuwa, kamvula katayambiranso, mzungu uja akulowa m'nyumba atakweza mapewa.

"Kuno kumatentha liti?"

Ngakhale ana obadwira konkuno sakanatha kuyankha.

"Akuluakulu," anatero potsiriza, mofatsa, ngati akutseka sukulu, "mwana uyu ndinamulera ine, movutikira. Wosauka ndikanamupatsa. Watsoka ndikanamupempherera n'kumupatsabe. Koma uyu amachita dala. Tikaganiza kaye."

Aliyense wobadwira kwathu amadziwa kuti akuluakulu akati tikaganiza kaye, ndiye kuti aganiza kale. Chakudya chinadyedwa mwakachetechete, popanda chakumwa. Potuluka ndinakumana ndi Tadala pakhomo. Zaka zonsezi wakhala akunditchula kuti iwe, nthawi zina ndi mayina ena amene sindingalembe pano. Tsiku limenelo anapinda mawondo pang'ono mwaulemu n'kunena kuti, "Muyende bwino, achimwene."

Kubwalo la mipikisano kuja ndinapitabe, poti ndinalibe kwina kopita. Mlangizi amene amakwera nawe poyamba analowetsa mutu, ananunkhiza thobwa losasa la m'mipando, n'kupempha kuti titsegule denga ngakhale kunkagwa mvula. Mabuleki anagwira modabwitsa. Pa ngodya iliyonse, tsiku lonse, osatopa ngakhale pang'ono. Ndinalira m'chipewa cholimba chija, ndipo ndinapeza kuti n'chabwino kulirira, chifukwa palibe amaona.

A Chikwenga anabwerera kumudzi. Tadala ndikamulembera uthenga wautali amayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Lamulungu lapitali Bambo Kamtedza anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Akuti alankhulana ndi mkuluyo pafoni kangapo, ndipo kakhomo sikanatsekedwe konse. A Chikwenga sakufuna kuti ndigulitse galimoto. Sakufunanso kuti ndibwerere kusukulu, akuti sukulu sinalakwe kanthu kuti ilangidwe kawiri. Akungofuna ndiwaimbire ndekha, ndinene ndi pakamwa panga kuti ntchito imene ndinagwira pa galimoto ija inali yolakwika ndipo mabuleki aja ndi achabechabe.

"Chiganizo chimodzi, mwana wanga," anatero Bambo Kamtedza atandigwira phewa. "Amuna anzako amanena mabodza akuluakulu kuposa limeneli kuti akwatire. Ine ndinauza apongozi anga kuti sindikonda mpira."

Ndakhala ndikuyeserera kuntchito, pakati pa makatoni. Ndimayamba bwino. "A malume, ndaimba kuti ndipepese." Pamenepo mawu amatuluka osalala. "Ndinalakwa kukutengani, ndinalakwa kulankhula." Zoona zokhazokha, ndipo ndimazinena ndi mtima wonse. Ndikafika pa "mabuleki aja", ndimalekera pomwepo n'kunyamula katoni ina.

Tadala ndimamukonda, Mulungu ndi mboni. Ndiimba foniyo, mwina mawa, mwina mkuja, ndipo ndinena zimene akufuna kumva. Ndaphunzira kuti pamaso pa akuluakulu dzanja limakhala m'thumba. Koma inu amene simuli ankhoswe a mbali iliyonse, tanenani chilungamo: pageti paja, galimoto ija sinaime?